Ng'oma za Laith ndi Mayeso a Rand

Msonkhano wa komiti ya okhala m'nyumba yosanja Nambala 14, Jabal al-Hussein, Amman

Tsiku: Loweruka, 12 Epulo 2025
Malo: M'galaja, pakati pa galimoto ya Wapampando ndi thanki ya madzi
Analipo: Nayef Khreisat, bambo a Laith (Wapampando); Suhad Qattan, mayi a Rand; Haji Salameh; ndi ine Mefleh Dabbas, Mlembi wodziwika mpaka ku Aqaba
Sanabwere: Dokotala Bassam, akuti ali kuchipatala. Mpira wa pa kanema wawo timaumva bwinobwino.

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 5 koloko madzulo ndi khofi wa m'timakapu toti mpheta ingadandaule.

2. Ukwati wa Laith
Wapampando anati mwana wawo Laith akwatira Lachinayi lina mu Meyi, ndipo ng'oma ndi magule zidzakhala padenga pa nyumba ino. Anati anasankha Meyi polemekeza lamulo lathu lakuti tawjihi, mayeso aboma omaliza sekondale, ikayamba mu Juni, muno simulowa mlendo, simukhomedwa msomali, ndipo khanda lofuna kulira limayamba lapempha. Anakumbutsa kuti chaka chino akulemba ndi mwana wawo wamng'ono, Yazan.

3. Pempho la mayi a Rand
Mayi a Rand anati m'mawa wake wa ukwatiwo Rand ali ndi mayeso a sayansi, ndipo chipinda chake chili pansi penipeni pa dengalo. Anafotokoza kuti Rand salemba tawjihi. Kusukulu kwake amaphunzira maphunziro a ku yunivesite akadali ku sekondale, ndipo mayeso ake amachokera ku Amerika. Akakhoza, yunivesite yomwe akufuna imutenga. Akalephera, adikira chaka chamawa. Anapempha kuti lamulo la chete limuteteze nayenso.

A Haji anati, "Mwana wa sekondale akuphunziriratu za ku yunivesite? Ndiye akakafika kumeneko azikasesa?"

Wapampando anafunsa kuti ndi mayeso anji olembedwa Lachisanu, anthu akupemphera n'kudya mansaf, mpunga wa nyama ya nkhosa. Anafunsanso malikisi apamwamba a mayesowo. Mayi a Rand anati ndi faifi.

"Faifi pa handiredi?"

"Faifi pa faifi, bambo a Laith."

A Haji anaseka mpaka khofi anatulukira m'mphuno. Mlembi, amene analemba tawjihi katatu chifukwa choikonda, anadziwitsa komiti kuti ngakhale pa masamu iye anapeza 11, kuposa kawiri Rand ndi Amerika yense. Wapampando anati mayeso enieni amaonekera pa amayi kukomoka pageti ya sukulu, ndipo pageti ya sukulu ya Rand sipanakomokepo ngakhale mphaka.

Chigamulo: atatu kwa mmodzi, lamulo la chete ndi la tawjihi yokha. Rand atseke m'makutu ndi thonje, lomwe Mlembi walonjeza kupereka thumba lathunthu.

4. Zina ndi zina
Mayi a Rand anathokoza komiti mofatsa moti Mlembi anayamba kuchita mantha. Anapempha kuti nawonso alembedwe kuti adzafuna denga pa tsiku la zotsatira za Rand. Wapampando anavomera msanga, nati chikondwerero cha zotsatira sichinaletsedwepo chiyambire dziko, ngakhale lamulo la chete silichikhudza. Anauza Mlembi kuti alembe zimenezo. Mlembi analemba. Kenako Wapampando anafunsa tsiku.

"Kumayambiriro kwa Julayi."

A Haji anawerenga zala zawo, nalengeza kuti pamenepo ndi pakati penipeni pa tawjihi.

Mayi a Rand anati alongo awo onse a ku tauni ya Salt adzabwera ndi galimoto zoliza hutala, makombola, ng'oma ziwiri ndi mathireyi a keke yotsekemera ya knafeh.

"Mlongo wanga, Yazan adzakhala akulembatu," anatero Wapampando.

"Tidzamusungira knafeh wake. Thonje atenge kwa a Mlembi."

"Nanga Rand akalephera?"

"Ndiye tidzalira padenga pomwepo, bambo a Laith. Ife a ku Salt sitilira motsitsa."

Pamenepo tinamva chigoli kwa Dokotala Bassam.

Wapampando anati akhala akuganiza kuyambira kalekale kuti dengali n'laling'ono pa banja lolemekezeka ngati lawo, choncho ukwati ukachitikira ku holo. A Haji anati kwa iwo faifi ndi nambala yaikulu, poti ngakhale mapemphero a tsiku ndi asanu. Mayi a Rand anati ngati zili choncho, alongo awo akhoza kudikira mpaka tawjihi ithe.

Wapampando anapempha kuti mfundo yachitatu ifufutidwe. Mlembi anayankha kuti cholembera chake, monga mwini wake, sichinabwererepo m'mbuyo.

5. Msonkhano wotsatira
Loweruka loyamba tawjihi ikatha. Mu Meyi simukhala msonkhano, muno muli mwana wa mayeso.

Msonkhano unatsekedwa 6 koloko, monong'ona.

Nayef Khreisat, Wapampando
Mefleh Dabbas, Mlembi