Mawaya Atsopano a Mkazi Wamkulu

Lolemba, 9 Juni

Ndapempha tchuthi kugalaja. Abwana akuti, "Galimoto za anthu zikudikira wa magetsi, iwe ukupita kukadzutsa maliro?" Koma andilola mpaka Lachisanu.

Maliro akewo ndi galimoto ya bambo. Amayi amaitchula kuti mkazi wamkulu, chifukwa pomwe amakwatiwa anaipeza kale pakhomo. Sabata yatha inafuka utsi pansi pa dashibodi madzulo akuchokera kokaona wodwala, amayi ali m'kati. Chitseko cha mbali yawo chija chimavuta kutsegula, ndiye anatuluka akutsokomola, siketi itapsa m'mphepete. Mpaka lero sakulankhula ndi bambo. Chakudya amangowaikira patebulo n'kuchokapo.

Achimwene apangana kale ndi ogula zitsulo zakutha, abwera Loweruka ndi lole. Amayi avomereza. Ine ndachonderera kuti andipatse sabata ino yokha, ndichotse mawaya onse akale, ndiike atsopano pamodzi ndi bokosi la mafuyuzi ndi marileyi. Achimwene akuti, "Chita, koma ikangofukanso utsi, ngakhale kamodzi, basi yapita."

Nthawi yonseyi bambo anali pampando wawo, makiyi ali m'manja, osanena kanthu. Munthu amene amakangana ndi wailesi! Zandipweteka kwambiri.

Lachiwiri, 10 Juni

Koma abale! Ndamasula dashibodi, zomwe ndapezamo, chisa cha makoswe chili bwino. Waya aliyense ndi wofiira. Wa hutala wofiira, wa waipa yopukuta galasi wofiira, wa magetsi a mabuleki wofiira. Zaka zonsezi bambo akhala akudula pa mpukutu umodzi womwewo. Pena alumikiza ndi nthambo ya ayironi. Switchi ya magetsi akutsogolo yasungunuka ngati kandulo, ndipo poyenera kukhala fuyuzi ndapeza kawaya kakopa kopotapota.

Ndinawaonetsa. "Bambo, ichi n'chiyani?"

"Imeneyo ndi fuyuzi yosaphulika, Injiniya."

Sindinaseke. Ndinawauza kuti ntchito ya fuyuzi ndi kufa kuti galimoto isafe. Mukaimanga ndi waya, moto umakafunafuna pena potulukira, ndipo paja unatulukira pamiyendo pa amayi. Anayang'ana kumbali.

Kenako anafunsa za timabokosi takuda timene ndabwera nato. Ndinati amenewo ndi marileyi. Kale mphamvu yonse ya magetsi imadutsa m'switchi, n'chifukwa chake yapsa. Tsopano switchi izingotuma, katundu yense azinyamula rileyi kuchokera ku batire.

"Ndiye kuti switchi yakhala bwana, rileyi ndi wantchito?"

"Eya."

"Hm. Dziko lafika pamenepo."

Bola alankhulako. Bokosi ndalimanga pafupi ndi batire, pamalo pouma. Msana ukuwawa, zala zonse zili ndi mabala.

Lachitatu, 11 Juni

Tsiku lonse chagada pansi pa chiwongolero, miyendo kunja. Waya aliyense ndi mtundu wake tsopano, ndipo ndamata kapepala kumapeto konse kuwiri. Bambo akhala akundigwirira tochi, koma amaunika khutu langa m'malo mwa waya. Nditawatuma fuyuzi yachikasu anapapasa m'chitini n'kundipatsa yabuluu. Ndinangoti ukalamba.

Hutala yalira. Waipa ikuyenda. Maindiketa akuphethira onse anayi, bambo mpaka kuwomba m'manja. Injini inadzuka nditangoliza kamodzi kokha.

Kenako magetsi akutsogolo. Anayaka bwinobwino, ine n'kuyamba kale kudzitama mumtima, mwadzidzidzi thi! Mdima. Fuyuzi yapita. Ndinaika ina, chimodzimodzi. Yachitatu, chimodzimodzi.

Achimwene aimba foni kufunsa kuti zikuyenda bwanji. Ndati zikuyenda.

Lachinayi, 12 Juni



M'mawa wonse ndafufuza shoti, pomwe waya wakhudza chitsulo, ndi mita yoyezera magetsi, waya ndi waya, kuyambira pa bokosi mpaka kumagetsi. Palibe. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha kunali kutandithera, mafuyuzi nawo anatha. Ndinathamangira kushopu.

Pobwera, ndisanalowe n'komwe pageti, fungo la pulasitiki wopsa linandilandira. Ndinathamanga. Boneti yotsegula, magetsi ali ngwee, bambo aima pambali manja m'chiuno, akumwetulira. "Waona, Injiniya? Sakuzimanso." M'bokosi langa latsopano, pamalo a fuyuzi, kawaya kawo kakopa kaja. Kautsi kakukwera, iwo osakaona.

Ndinazula waya wa batire ndi dzanja, osafuna n'komwe sipanala, mwayi sindinaumange kwambiri. Ngodya ya bokosi yasungunuka.

Ndinawakalipira. Bambo anga ondibereka, ndinawakalipira ngati kamwana. Ndinati mukufuna muphe amayi kuti mukhulupirire? Ndinati ine ndikuthyoka msana kuti galimotoyi isapite kozidula, inu mukuitanira lole nokha. Anangoti, "Mafuyuzi akowo ndi ofooka," koma mawu ake anali otsika. Anapita kuchipinda akugwira khoma.

Nditatembenuka, amayi anali pawindo la kukhitchini. Utsi anauona. Akangowauza achimwene, zatha.

Lachinayi lomwelo, madzulo

Amayi sanaimbire munthu. Andiikira tiyi n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ngati pali chimene akufuna kunena. Chakudya sichinalowe.

Lachisanu, 13 Juni

Ine wa ntchito ndimayenera kuyambira pamenepa Lachitatu pomwe. Ndamasula magalasi a magetsi akutsogolo n'kutulutsa mababu. Si a galimoto iyi ayi. Ndi zimababu zazikulu, zokoka mphamvu yoposa kawiri ya mababu ake enieni. Shoti kunalibe, fuyuzi imangokana katundu wosakhala wake. Ndiye zonse zamveka: anaika mababu aakulu, fuyuzi yakale inaphulika, anaimanga ndi waya, switchi n'kupsa.

M'buti ndapezamo katoni ya mababu ena ochotsedwa, onse amoyo. Aang'ono, okulirapo, okulirapo kuposa apo. Munthu amangosinthasintha, kufuna owala kwambiri.

Ndinaitengera katoniyo kukhitchini n'kuiika patebulo. Amayi anasiya mpeni, n'kutseka chitseko.

Akuti chatha chaka. Akuti madzulo bambo akamayendetsa, amene amaona msewu ndi amayiwo. "Kumanzere kuli njinga. Chepetsani, pali mwana. Khotani apa." Akuti geti lathu silinapindike ndi mphepo monga bambo anatiuzira, analigunda ndi galimoto. Mwezi watha anawadutsa amayi pakhomo pa shopu masana, n'kuwapatsa moni ngati mlendo. M'maso mwawo mwayamba kuyera, amayi akuganiza kuti ndi ng'ala, koma ukangotchula chipatala nkhani imathera pomwepo.

Ndinati, "Nanga bwanji osatiuza, amayi?"

"Ndikawavule pamaso pa ana awo? Moto uja unandithandiza, mwanawe. Ndinati galimoto ipite chifukwa cha moto, iwo atsale ndi ulemu wawo. Iwe ndi marileyi akowo ndi amene wandisokonezera."

Ndiye kuti kusalankhula konse kuja si mkwiyo, ndi mantha.

Ndabwerera kugalimoto mutu utaima. Kukonza kwake n'kosavuta: ndasamutsira magetsi pa mbali yabwino ya bokosi, babu lililonse rileyi yake, fuyuzi yake ndi waya wonenepa. Ndasiyamo zimababu zawo zomwezo. Ndayatsa nthawi yaitali, ndagwira waya aliyense, onse ozizira. Galimotoyi siidzapsanso.

Koma ndiye ndachita chiyani? Ndikanena mawa kuti ili bwino, bambo atenga makiyi n'kulowa mumsewu. Ndikanama kuti yandikanika, lole iitenga, ndipo ndikuwadziwa bambo anga, adzangokhala pampando paja mpaka kufota. Ndaganizapo zozula rileyi imodzi mwakachetechete. Ndinaigwira ndithu. Ndinaisiya.

Loweruka, 14 Juni

Lole inafika m'mawa, anyamata ake atatenga kale matcheni. Achimwene anati tione kaye. Tinalowa tonse m'galaja ya pakhomo n'kutseka chitseko kuti mukhale mdima, amayi ataima pakona, manja atapinda.

Injini, hutala, waipa, maindiketa, zonse bwino. Achimwene ananunkhiza pansi pa dashibodi ngati galu, osapeza kanthu. Ngodya yosungunuka ija anaiona, n'kundiyang'ana. Ndinati ndinalakwitsa ndine poyesa. Amayi anayang'ana pansi.

Bambo anati, "Yatsa akutsogolo, Injiniya."

Ndinayatsa. Khoma lonse linayera mbee, mpaka achimwene anatchinga kumaso ndi dzanja. Chiyambire magetsi amenewa sanawalepo chonchi, chifukwa tsopano mphamvu ikufika yonse.

Bambo anayang'ana khomalo, anasendera pafupi, n'kupukusa mutu. "Wabwezeramo timababu tating'ono tija eti? Akuoneka ngati ali m'chifunga."

Achimwene anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Ndikanatha kunena kuti eya, ndabwezeramo. Koma ndinati, "Ayi bambo, ndi anu omwe aja, aakulu. Galimoto ilibe vuto."

Anaima nthawi yaitali akuyang'ana khoma. Kenako anazimitsa injini okha, n'kuzula makiyi. Achimwene anayamba mofatsa, "Bambo, ndiye mwina ndi bwino ingopita..."

"Auze apite. Galimoto yanga siikwera lole."

"Nanga aziyendetsa ndani?"

Bambo analowa m'nyumba. Achimwene anakauza a lole kuti abwerenso Lolemba m'mawa, ndipo kwa ine anati, "Umadziwa iwe?" Ndinati kuyambira dzulo. Anakhala pa tayala lakale lija n'kugwira mutu. Sindinawaonepo achimwene chonchija.

Lamulungu, 15 Juni

Makiyi palibe pa msomali. Bambo sanatuluke kuchipinda tsiku lonse. Kangapo konse ndapita kukasuzumira ngati galimoto ilipo.

Lolemba, 16 Juni

Ndikulemba ndili pa benchi, bambo alowa kwa dokotala ndi amayi. Abwana adikira, ndawatumizira uthenga.

M'mawa ndikuvala ovolosi ndinamva chitseko cha galaja chikutseguka. Ndinatuluka nsapato imodzi ili m'manja. Bambo ali m'jekete lawo lakuda lija, tsitsi lopesa, aima pa chitseko cha dalaivala, makiyi m'manja. Ndinayamba kukonza mawu, kuti ndiwaletse bwanji osawakalipiranso.

"Injiniya," anatero osandiyang'ana, "chipatala cha maso ukudziwa kumene chili?"

Ndinati ndikudziwa.

Anatambasula dzanja. Makiyi anali otentha, kaya anawafumbata nthawi yaitali bwanji. "Giya yachiwiri imafuna ulemu. Usaikakamize."

Anazungulira kutsogolo akugwira boneti, mpaka mbali ya amayi. Chibadwire changa sindinawaonepo mbali imeneyo. Anakoka chitseko, osatseguka. Anakokanso mwamphamvu, galimoto yonse kugwedezeka, chitseko chili gwa.

Amayi anali atatuluka kale, chikwama chili m'khwapa, ngati amadziwa. "Nyamulani kaye m'mwamba, kenako mukoke. Zaka zonsezi ndimakuuzani, inu mumati ndilibe mphamvu."

Mawu awo oyamba kwa bambo chichitikire moto uja. Bambo ananyamula, anakoka, chinatseguka. Anakhala pansi n'kumapapasa pomwe pamakhala chiwongolero, kenako manja anawaika pamaondo. Amayi analowa kumbuyo.

"Chitseko ichi uchikonzenso," anatero bambo. "Mayi ako wavutika nacho."

Ndinaliza injini, misozi ikundilepheretsa kuona bwino. Tikutuluka, lole ija inali itangofika, yaima pageti penipeni, anyamata akutsitsa matcheni. Bambo anasuzumira, n'kufunsa kuti chatchinga kutsogoloko n'chiyani. Amayi anati ndi lole.

"Liza hutala, Injiniya. Atipatse njira."

Ndinaliza.