Saluti ya Asiyatu

Achimwene,

Salaam aleikum. Kuno ku Lungwena tili bwino, miyendo ya mayi yasiya kupweteka. Kaya inu ku Joniko?

Mwana wanga Asiyatu wamaliza maphunziro a usilikali, tsopano ndi ofesala. Lachisanu atatsika minibasi pa boma, msilikali wina wa imvi, msinkhu wanu ndithu, anaima njo n'kumumenyera saluti. Ine ndinatsala pang'ono kumukalipira mwanayu kuti agwade! Koma iye anabweza salutiyo mosatekeseka. Titafika kunyumba anagwadira agogo ake ndi yunifolomu yomweyo, kenako n'kundifunsa za inu malume ake kuti, "Amjomba akadali okwiya?"

Paja munati usilikali si wa akazi. Chonde muimbireni foni, akudikira mawu anu. Allah akusungeni.

Mlongo wanu,
Patuma