Bar Imene Adada Ankafuna ku Busan

09:38 Lizzie: nde adada ayankha kapena ayi? ndege yawo ndi mawa

09:41 Lizzie: Dinah ndikuona kt wawerenga

09:44 Dinah: sanayankhe sis. masiku anayi ali kuno ku Busan. dzulo makolo a Sangho anawatengera ku hotel, adya, athokoza, apemphera. za ukwati wathu olo liwu limodzi

09:45 Dinah: mayi ake akungondifunsa kt bambo ako avomera? ine ndiziti chani

09:45 Lizzie: adada ndi choncho. aJobu anadikira miyezi itatu asanamve yankho, pano tili ndi ana awiri

09:46 Dinah: nkhani si imeneyo. khalani pansi kaye

09:46 Lizzie: ndili pa desk ku bank, ndakhala kale

09:47 Dinah: akuti ndiwapezere bar

09:47 Lizzie: bar ya chani

09:48 Dinah: ya mowa sis. akuti yotchipa, ya anthu wamba, komwe amamwa asodzi ndi ma driver. akufuna apite ndi Sangho lero lomwe, yankho apereka akachoka kumeneko

09:48 Lizzie: adada ake ati

09:48 Dinah: athu omwewa

09:49 Lizzie: a Edwell Kamanga a mu Area 47? mkulu wa mpingo? amene anakana kulowa mu hall pa ukwati wanga mpaka wine achotsedwe pa high table?

09:53 Felton: ndangotsegula foni ndikuona ngati ndalowa group yolakwika

09:53 Felton: ine pa graduation yanga anathira crate yonse mu drain anzanga akuona. wawayeza BP?

09:54 Dinah: ali bwinobwino achimwene. avala kale jekete ndi tayi, akhala pa reception chipewa chili pa bondo. kuno ndi 5 madzulo

09:55 Lizzie: ine mutu waima. ndapatsa customer form yolakwika

10:32 Dinah: ndawatengera ku beach, bar yokongola pa 12th floor, nyanja yonse ikuoneka. angosuzumira pakhomo n'kuti kuno anthu amabwera kudzajambulitsa, tiyeni

10:33 Dinah: chabwino nawonso, botolo limodzi mtengo wake ngati thumba la chimanga

10:51 Dinah: yachiwiri akananso. menu ya chizungu, azungu ali mbwee. akuti munthu sungamudziwe pamalo pomwe naye ndi mlendo

10:52 Dinah: zaka zisanu ndili kuno koma ndimangodziwa lab ndi tchalitchi. Sangho nayenso sadziwa ma bar. ndithandizeni

10:54 Felton: 🎤 0:34
Mvera kuno mlongo wanga, apa ndiye mwafika pa munda wanga. Bar yeniyeni siikhala pa msewu waukulu. Pita kuseri kwa msika. Uyang'ane pomwe aimika ma taxi koma ma driver ake kulibe. Mipando ikhale ya pulasitiki, wogulitsa akhale mayi wamkulu wosaseka. Ukalowa anthu n'kukuyang'ana ngati wasochera, dziwa kuti wafika. Ku Old Town n'chimodzimodzi, ndipo sindikuona chifukwa choti ku Korea kusiyane.

10:55 Lizzie: taonani degree ya m'ma bar a ku Bwandilo yayamba kugwira ntchito

10:55 Felton: mumandinyoza, lero banja likudalira ine

11:29 Dinah: 📷
tapeza. kuseri kwa msika wa nsomba, tenti ya lona ya orange. matebulo asanu, azibambo a ma gumboot, fungo la nsomba yowotcha mpaka m'tsitsi

11:29 Felton: mayi wosaseka alipo?

11:30 Dinah: alipo. watiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kumutu. wati mowa sagulitsa wokha, tiitanitsenso chakudya, ndi mmene amachitira kuno

11:30 Dinah: sis adada AMWETULIRA. ati apa ndiye pake

11:31 Lizzie: ndikuimbira amama sakuyankha

11:34 Dinah: andithamangitsira pa tebulo lina. akuti khala apo, usalankhule, izi ndi za amuna. ndili ndekha ndi mbale ya nsomba ngati wamasiye

11:37 Dinah: aitanitsa soju. ndi mowa wawo woyera, amamwera m'timagalasi ta tot. adada atsegula okha botolo

11:37 Felton: atsegula bwanji

11:38 Dinah: ngati munthu woti anatsegulapo

11:38 Felton: eish

11:40 Dinah: amuthirira Sangho. walandira ndi manja awiri, watembenukira kumbali, wamwa yonse. adada akwinya nkhope

11:40 Lizzie: watembenukiranji? akubisa chani

11:41 Dinah: ndi ulemu sis. kuno sumwa utayang'anizana ndi wamkulu. koma adada sakudziwa, akumuyang'ana ngati wakuba

11:41 Lizzie: iwowo amwa?

11:42 Dinah: ayi. Sangho wawathirira, galasi langokhala. amuthiriranso yachiwiri

11:49 Dinah: yachitatu

11:50 Dinah: guys Sangho samamwa. zaka zitatu tili limodzi ndamuonapo kamodzi, pa party ya ku ntchito, ma tot awiri anadwala mpaka mawa lake. pano makutu afiira kale

11:50 Lizzie: nde akumweranji? angoti zikomo ndakwana

11:51 Dinah: sangatero. wamkulu akakuthirira sukana, makamaka bambo wa mkazi amene ukumufuna. ndi mwano waukulu. ndipo galasi likatha ndiye kt lithiridwenso

11:52 Felton: dikirani

11:52 Felton: ndazimvetsa. mudala akumuyesa. akudikira kt mwanayo akane yekha

11:53 Dinah: ndipo Sangho akudikira kt adada asiye kuthira

11:53 Felton: nde palibe amene aime apa

11:54 Lizzie: Dinah dzuka ukawauze

11:55 Dinah: ndayesa. ndangosuntha mpando andiloza ndi chala osanditembenukira nkomwe. mukuchidziwa chala chija

11:55 Lizzie: ndikuchidziwa

11:56 Lizzie: ndatuluka, ndanama kt mwana wadwala ku sukulu. ndikupita ku 47 kwa amama. galimoto atenga aJobu, ndikwera minibus

12:04 Dinah: yachinayi. akumufunsa za ntchito yake ku doko, akuyankha bwino koma mawu ayamba kukokeka

12:13 Dinah: yachisanu. aitanitsa botolo lina

12:14 Dinah: sis?

12:14 Dinah: achimwene?

12:22 Dinah: Sangho wagwira galasi ndi manja awiri kt lisatayike. akumwetulirabe. amandiyang'ana ngati akundiuza kt usadandaule zikuyenda. akuganiza kt akukhoza

12:23 Felton: ndinali mu meeting. aima?

12:27 Dinah: yachisanu ndi chimodzi

12:28 Dinah: adada apukusa mutu n'kunena m'Chichewa, chidakwa. ndamva ndi makutu angawa. Sangho sanamve, wawerama n'kuti thank you sir

12:28 Dinah: ndikulira pamaso pa anthu a ma gumboot

12:29 Felton: Lizzie uli pati

12:36 Lizzie: minibus inaima pa stage kudikira kt idzaze. ndatsika, ndakwera kabaza ndi skirt ya ku bank

12:41 Dinah: yachisanu ndi chiwiri. anditembenukira koyamba, ati ndaona zimene ndimafuna kuona, mawa ulongedze undiperekeze, tikalankhula kunyumba

12:41 Dinah: akana sis. basi akana

12:47 Lizzie: ndafika. amama anali kuseri akuanika zovala, foni ili m'chipinda. ndawafotokozera, angokhala pansi pa khonde n'kuti Edwell wachitadi zimenezi

12:47 Lizzie: sanadabwe Dinah. ine ndi amene ndadabwa kt sanadabwe

12:51 Lizzie: 🎤 1:46
Dinah mwana wanga, ndine amama. Pukuta misozi umve. Zimenezi sindinakuuzenipo chifukwa adada anu anandipempha. Mu 76, boma litasamutsa ofesi yawo kuchoka ku Zomba, anabwera kuno ali mnyamata. City Centre inali fumbi ndi mathirakitala, nyumba zatsopano zopanda anthu, wachibale analibe. Akaweruka ankatsikira ku Old Town, tsiku ndi tsiku, kukamwa. Atandifunsira, agogo anu anamva mphekesera. Anakwera basi kuchoka ku Ekwendeni, n'kuwatengera adada anu ku ka bar kena kuseri kwa depoti. Ankangowagulira mowa, iwo osamwa, kudikira kuti mnyamatayu anene yekha kuti basi. Sananene. Mabotolo asanu ndi atatu. Anzawo anawabweza kunyumba pa wilibala. Agogo anu anakana, ine ndinalira zaka ziwiri. Kuyambira tsiku limenelo adada anu sanalawenso, mpaka agogo anu anafewa. Ndiye iwe dzuka, pita pa tebulo limenelo, chala sichiluma. Uwauze kuti kumeneko kukana ndi mwano. Akakukalipira uwatsegulire mawu angawa amve okha. A Kamanga, ndikulankhula ndi inu tsopano. Mnyamata ameneyo si inu.

12:53 Felton: wilibala

12:53 Felton: adada athu. pa wilibala

12:54 Felton: ine zaka zonsezi ndimayesa ndine woyamba m'banja muno

12:54 Lizzie: Felton si nthawi yake

12:55 Lizzie: ine ndakhala nawo pansi amama

12:55 Dinah: ndamvera. ndikupita

12:58 Lizzie: zikuyenda bwanji

13:04 Lizzie: Dinah

13:09 Felton: ndamuimbira sakuyankha

13:15 Lizzie: amama akuti tisamusokoneze, koma iwonso akungoyenda uku ndi uku ndi ma peg m'manja

13:21 Lizzie: Dinah olo ka emoji chonde

13:26 Dinah: ndabwera

13:27 Dinah: ndinawauza za mwambo wa kuno. anati usandiphunzitse, mwamuna wodziletsa amakana kulikonse. nde ndinaika foni pa tebulo n'kutsegula mawu a amama pa loud

13:27 Felton: YONSE? ndi ya wilibala yomwe?

13:28 Dinah: yonse. anthu onse mu tenti anatembenuka kumvetsera, ngakhale samva Chichewa. adada anavula magalasi. sindinawaonepo nkhope imeneyo, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja

13:29 Dinah: kenako anamufunsa Sangho m'Chingerezi ngati amaukonda mowawu. anati ayi, umamudwalitsa. anati nanga wamweranji ma tot seveni. anayankha kt chifukwa mwathira ndinu, ndipo ndikufuna muvomere

13:30 Dinah: atangotero anadzuka, kuwerama, kupepesa, n'kuthamangira panja. wasanza zonse mu ngalande

13:30 Lizzie: mayo ine mwana wa eni

13:31 Dinah: 📷

13:31 Lizzie: amenewo ndi adada agwada pansiwo?

13:32 Dinah: eya. amugwira pachipumi, tayi aiponyera paphewa. jekete amufunditsa iyeyo. akumupukuta kukamwa ndi mpango wawo wa ku tchalitchi

13:33 Dinah: mayi wosaseka uja watuluka ndi madzi, akuwakalipira adada m'chiKorea osapuma. akuti munthu wamkulu amaona mwana akafiira. iwo akungoti yes madam, sorry madam

13:33 Felton: ndakhala zaka 41 kudikira munthu woti awakalipire adada, zachitikira ku Korea ine kulibe

13:34 Lizzie: koma yankho? asintha?

13:35 Dinah: akungomusamala Sangho. sakundiyang'ananso. ndikuopa kt ndawachititsa manyazi kwambiri, mwina ndaonjeza moto

13:36 Lizzie: amama akuti dikira

13:52 Dinah: tili mu taxi. adada apempha foni yanga

13:55 Dinah: 🎤 0:52
AnyaChirambo mkazi wanga, ndine. Mwandivula pamaso pa ana, koma ndamva, ndipo simunaname. Ine tsiku lija ndinamwa chifukwa mowawo ndinkaufuna. Bambo anu akanapanda kugula ndikanagula ndekha. Uyu wamwa chinthu chomudwalitsa, kasanu ndi kawiri, chifukwa choti wathira ndine. Ndabwera ndi muyeso wa ku Old Town kudzayezera munthu wa dziko lina, ndamulakwira mwana wa eni. Makolo ake ndikawapepesa ndekha ndisanakwere ndege. Inu muwaimbire alongo anu ku Ekwendeni, muwauze akonzeke, kukubwera alendo ochokera kutali. Dinah akwatiwe.

13:56 Lizzie: 😭😭😭

13:56 Lizzie: amama amvera kawiri. alowa m'chipinda atseka chitseko

13:57 Felton: sindikulira, ndi fumbi la mu ofesi

13:58 Lizzie: Sangho wati chani? wamuuza?

14:01 Dinah: sakudziwa chilichonse. wagona paphewa la adada, kukamwa kuli yasa

14:02 Dinah: ndimati ndimudzutse, andiletsa. akuti musiye agone, ndimuuza ndekha mmawa