Malata a Atate Afika

Achimwene,

Muli bwanji ku Ndola, inu ndi alamu? Kuno kwa Kalindawalo tilipo.

Malata amene munatumizila atate pa sitima afika dzulo. Anakhala ku Lusaka dzinja lonse. A Mwanza, oyendetsa lole ya thonje, ankafunsa za malatawo ulendo uliwonse, koma a njanji ankangoti, "Mubwelenso, wa makiyi wachokapo." Lole siidikila munthu, inkabwelela yopanda kanthu.

Atate tinawaika Lachiwili, monga munamva pa wailesi. Chifuwa chija chinakulila m'nyumba yodontha. Ine misozi siinabwelebe.

Poti mumagwila ntchito ku njanji, auzeni akuluakulu anu azipangana tsiku ndi a malole.

Malata tawatsamilitsa kuseli kwa nyumba. Mutiuze chochita nawo.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tisauke