Felesiya Anakankha Muvi wa Wotchi

Cape Town
Lachiwiri, mwezi wa Febuluwale

Okondedwa Achimwene a Efulemu,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Mukudzuka bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga a Thandiwe? Msana uja unkakuvutani nthawi yobandira unasiya? Nanga amayi akupeza bwanji ndi mvula imeneyi, poti miyendo yawo sigwirizana ndi chinyezi? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati mafoni anatha. Ndalemba chifukwa pafoni simundilola kumaliza. Ndikangotchula dzina la mwana wanga Felesiya mumati netiweki ikuvuta, kenako ndimangomva mwapatsira alamu. Pepala lilibe netiweki, achimwene, ndiye muliwerenga mpaka pansi. Ndapatsira Mudathir, mwana wa a golosale aja a pa Mitundu, amene akunyamuka mawa ndi katundu wa bambo ake.

Kuno kukutentha, ndipo mphepo yake ndi yamwano. Dzana inachotsa zovala za abwana pachingwe n'kukaziponya kwa aneba, ine n'kukazipempha pageti ngati wolakwa. Ntchito ikuyenda. Ndikulerabe kamnyamata ka abwana kaja, kamsinkhu umodzi ndi Felesiya. Chimene sindinazolowere mpaka lero ndi dzuwa la kuno. Miyezi ino limakana kulowa. Nthawi imene kwanu nkhuku zalowa kale m'khola ndipo inu mwasamba m'manja, kuno kunja kumakhala kudakali mbee. Koma wotchi ya kuno ndi ya kwanu zimanena chimodzimodzi, ndipo zimenezo zimanditonthoza.

Tsopano nkhani ya Felesiya, imene ikundisowetsa mtendere. Ndaimva kuchokera kwa alamu, kwa aphunzitsi ake a Everlyn amene ndinkaphunzira nawo limodzi, komanso kwa mwini wakeyo akusisima. Ndiloleni ndiiyale momwe ndaimvera, inu mukonze pamene ndaphonya.

Akuti Lamulungu lija kunacha ndi mvumbi, dzuwa osaoneka tsiku lonse. Munabwera kuchokera kutchalitchi, munadya, n'kugonako pang'ono. Alamu anali atapita kukaona mbale wawo, foni ili m'chikwama mwawo. Podzidzimuka munayang'ana wotchi yanu ya pakhoma, imene mumati sinama ngati mafoni, n'kuona kuti folo koloko, nthawi yoliza belu la mapemphero a madzulo, yakwana. Munathamanga opanda ambulera n'kukaliza ndi mphamvu zanu zonse. Chonsecho n'kuti anthu atangotsuka kumene mbale za masana.

Inu mukudziwa kuposa ine chimene belu limatanthauza kwathu likalira nthawi yosakhala yake. Aliyense ankadziwa kuti a Abednego, agogo a kuseri kwa dambo aja, akhala chigonere kuyambira Khirisimasi. Azimayi a m'mudzi anasiya zimene ankachita, anamanga nsalu m'chiuno, n'kuuyamba ulendo wa kumeneko akulira. Anakapeza a Abednego ali pakhonde, atafunda bulangete, akumwa phala.

Sindinama, pamenepo ndinaseka, makamaka nditamva kuti mkuluyo anawayang'ana onse mmodzimmodzi n'kunena kuti tsopano wadziwa amene adzamulire. Koma kuseka kunatha alamu atandiuza zotsatira zake. Akuti ana a Abednego akunena kuti mukuwafulumizitsa bambo awo. Akuti akulu a mpingo akukambirana zopereka belu kwa wina, belu limene mwaliza kuyambira ine ndili mtsikana, mvula kaya dzuwa, osachedwapo. Ndikudziwa kuti zakupwetekani kwambiri, ndipo zandipweteka nane. Munthu amene mudzi wonse umadzukira pa dzanja lake, lero ana akumuloza chala.

Kenako munapeza mpando pansi pa wotchi, uli ndi timapazi tamatope. Galasi la wotchiyo linasweka kalekale, ndiye kachala kanalowa mosavuta. Munamukwapula Felesiya, ndipo munanena kuti m'nyumba mwanu simusunga mwana wamwano, apite kwa azakhali ake ku Nathenje.

Achimwene, munamufunsa ngati ndi iye, ndipo anavomera. Koma simunamufunse chifukwa chake.

A Everlyn anandifotokozera momwe akuphunzitsira nthawi m'kalasi mwawo. Ana ndi odzaza mpaka pakhomo, ndipo wotchi yeniyeni mulibe. Iwo anadula katoni mozungulira, analembapo manambala, anakhoma msomali pakati n'kuikapo mivi iwiri, wautali ndi waufupi. Akakankha muvi ndi chala amauza ana kuti tsopano ndi m'mawa, n'kufunsa kuti timachita chiyani, ana n'kuyankha kuti timapita kusukulu. Akakankhanso amati tsopano ndi masana, tiweruke. Akakankhanso amati kwada, tigone, ana onse n'kuika mitu pamaondo akuseka. Pa phunziro limodzi kumacha n'kuda kangapo, ndi chala cha aphunzitsi basi.

Akuti Felesiya ndiye anali woyamba kugwira. Anzake akusokoneza mivi, iye ankaitanidwa kutsogolo kukawaonetsa. Lachisanu lake anakweza dzanja n'kufunsa ngati muvi waufupi ukafika pa folo ndiye kuti folo koloko yakwana paliponse, ngakhale ku Joni. Aphunzitsi anati inde, n'kumuyamikira chifukwa cha funso lanzeru. A Everlyn akuti mpaka lero akudandaula kuti sanaone kumene funsolo linkalowera.

Inu mukudziwa chimene chimachitika Lamulungu folo koloko. Ndi nthawi imene ine ndimapuma, ndipo ndimaimba. Tsiku lonyamuka ndinamunyamula n'kumuonetsa pa wotchi yanu yomweyo kuti muvi waufupi ukadzafika apa, adzamva mawu anga. Mwanayo waona aphunzitsi akubweretsa madzulo ndi chala sabata yonse. Palibe anamuuza kuti wotchi ya pakhoma ndi yosiyana ndi ya katoni. Anangoona kuti tsiku latalika, mvula yamutsekera m'nyumba, amalume agona, ndipo mpando ulipo.

Anandiuza yekha kuti atatsika pampando anakakhala pakhonde kudikira. Atakuonani mukutuluka mothamanga, kenako n'kumva belu, akuti anakondwa kwambiri. Anaganiza kuti zatheka, poti ngakhale amalume avomereza kuti folo yakwana. Anayamba kuyang'ana kunjira kuti alamu atulukire ndi foni. M'malo mwake anaona azimayi akudutsa akulira. Pamene ankandiuza zimenezi ndinali m'chipinda chochapira cha abwana, ndipo ndinachita kutseka chitseko kuti asandimve.

Sindikunena kuti sanalakwe. Chinthu cha akulu sachikwerera pampando, ndipo chikwapu analandira. Koma mwano ndi china, kupukwa mayi ndi china. Mwana ameneyu ankangofuna kundifulumizitsa ine, osati a Abednego.

Za ku Nathenje ndiye zikundidetsa nkhawa kwambiri. Azakhali ake si munthu woipa, musandimve molakwika. Koma ali ndi benchi ya tomato pamsewu ndi ana ang'onoang'ono pakhomo. Mwana wawo wamkulu, wobereka okha, anasiya sukulu kuti azithamangira maminibasi ndi mbale pamutu. Ngati wawo anamutero, wa mlongo wawo amene anamwalira adzamusiya apite kusukulu? Ndikatseka maso ndikumuona Felesiya ali pawindo la minibasi, magalimoto akuluakulu a ku Dedza akumudutsa pafupi. Komanso azakhaliwo chimwalirire bambo a mwanayu sanayankhepo foni yanga. Akapita kumeneko ndiye kuti sukulu yatha, ndipo Lamulungu lathu lathanso.

A Everlyn akuti chichitikire zimenezi mwanayo wasintha. Akamuitana kutsogolo kuti aonetse nthawi, amaima manja ali kumbuyo, osakhudza katoni ngakhale amunyengerere chotani. Mwana amene ankaphunzitsa anzake. Ana onse anauzidwa kupanga wotchi zawozawo kunyumba, ndipo alamu anaipeza yake pansi pa mphasa imene amagonapo. Mivi yake anaimata ndi phala kuti isasunthe, waufupi uli pa folo.

Inu ndinu mwini mbumba. Mawu omaliza ndi anu, ndipo ine sindinakutsutsenipo pa za mwanayu. Mwamudyetsa, mwamuveka, munamunyamula panjinga kupita naye kuchipatala pa Mitundu atadwala malungo, ine ndili kuno kulera wa eni. Zimenezo sindidzaiwala. Pempho langa ndi limodzi lokha: musamutumize ku Nathenje.

M'malo mwake mumuphunzitse inuyo. M'mudzi monse palibe wodziwa nthawi kuposa inu, ndipo chimene chasowa m'kalasi mwa a Everlyn chili pakhoma panu. Tsiku lina mukaweruka kumunda muitsitse wotchiyo, muiike patebulo, mukhale naye pansi, nonse manja pamiyendo. Musanene zambiri. Mungoyang'ana muvi wautali mpaka auone ukusuntha wokha. Ine ndinachita zimenezi ndi kamnyamata ka abwana pamene nako kankaphunzira nthawi. Kanatopa, kanayasamula, kenako kanalumpha kakunena kuti wayenda popanda woukhudza. Ndinakondwa nako, koma mumtima ndinkati zimenezi ndikanachita ndi wanga. Akadzaona yekha kuti muvi suumirizidwa, sadzakweranso mpando, ndipo mwina manja aja adzachoka kumbuyo.

Za kwa a Abednego, alamu agwire tambala wanga wofiira uja mupite naye limodzi ndi Felesiya. Akagwade, akanene yekha chimene anachita ndi chifukwa chake. Mkulu amene anaseka maliro ake omwe sangakanike kumvetsa mwana, ndipo ana ake akamva kuchokera pakamwa pa mwanayo adzachita manyazi. A mpingo nawonso ali ndi ana awo ku Joni kuno, adzamva. Belu lija ndi lanu, achimwene, ngakhale kamodzi kokha munaliza maliro a munthu akumwa phala.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka miyendo ali m'kathumba kamene Mudathir wanyamula. Moni kwa alamu anga, amene ndikuwathokoza chifukwa chosandibisira kanthu. Moni kwa ana anu onse, kwa amalume a ku Diamphwe mukakumana nawo pamsika, ndi kwa a Everlyn, muwauze asadziimbe mlandu. Kwa a Abednego mukanene kuti Sophie akuti achire, sanakonzeke kuwalira.

Simuyenera kundiyankha ndi kalata, ndikudziwa kuti kulemba kumakutopetsani. Kalatayi ikakupezani, Lamulungu lotsatira ndidzaimba monga mwa nthawi zonse, muvi waufupi ukadzafika wokha pa folo. Ndidzakhala nditagwira foni ndi manja awiri. Akadzayankha Felesiya, ndidzadziwa yankho lanu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Sophie