Ku Zomba Sindibwera

Luwinga, Mzuzu
16 Juni

Okondedwa achimwene a Eston,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwanyanya, zovala zikumagona pachingwe osauma. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni inu mumangoseka, nkhani isanathe mwayamba kale kunditchula mphunzitsi wa kutchire. Ndapatsira Brave, mnzanga wa m'kalasi, amene akubwera kumeneko kudzaona chibwenzi chake.

Abambo anandiimbira Loweruka. Akuti popeza graduweshoni yanu ndi yanga zagwera Lachisanu limodzi, ine ndikwere basi ndibwere ku Zomba, banja lonse likakhale pamodzi. Digiri yanga akuti ndidzakatenga ku ofesi tsiku lina, pepala silithawa. Anatinso azakhali a ku Ntchisi akubwera ndi gulu lawo, ndiye pafunika mwana wamkazi wothandiza amayi kusamala alendo. Ine ndinangoti, "Chabwino abambo." Mukuwadziwa, sayankhidwa kawiri. Koma nditadula foni ndinalira, achimwene, ndinalira ngati mwana wa sitandade wani.

Tiyeni tikambe chilungamo, poti nkhaniyi takhala tikuizungulira zaka zonsezi. Yunivesite yanu ndi yakale ndipo ili ndi dzina. Majaji, maloya ndi akuluakulu ambiri a m'boma anadutsa kumeneko. Abambo nthawi yonse imene anali kalaliki kwa DC, mabwana amene ankawatuma anali a ku Zomba okhaokha, ndiye kwa iwo yunivesite ndi imodzi basi, zinazi ndi zongotsatira. N'chifukwa chake anakubwerezetsani Folomu 4 mpaka dzina lanu litatuluka kumeneko, n'kupezeka kuti ine wamng'ono ndakupezani, talowa chaka chimodzi. Inu anakupherani mbuzi. Ine nditasankhidwa kuno anati, "Pita, bola kusiyana n'kungokhala," n'kundigulira bulangeti. Sindinama, bulangetilo landithandiza.

Pa dzina mwatiposa, sinditsutsa. Koma pa maphunziro, aaa, musandipute! Tonse taphunzira uphunzitsi wa masamu, ndipo buku lonenepa lija lachikuto chobiriwira ndi lomwelo, kuno ndi kwanuko. Pa holide ya chaka chachitatu, ndani uja ankajambula manotsi anga ndi foni pakhonde, uku akuti a ku Mzuzu mumalemba zomveka? Pasukulu imene ndinkayeserera kuphunzitsa, cha ku Katawa, tinalipo awiri, ine ndi mnyamata wa kwanuko dzina lake Misheck. Iye ankandiposa pa jometri, ine ndinkamusiya kutali pa aljebura, ndipo tinkabwerekana nzeru bwinobwino. Ana a Folomu 3 sanatifunsepo kuti tachokera yunivesite iti. Iwo ankangofuna amve.

Sindikuchepetsa zanu ayi. Mwavutikira, ndipo ndimakunyadirani kwambiri. Komatu nanenso kuno sindinkasewera bawo. Ndapondaponda matope a ku Luwinga nsapato mpaka kutha, ndalemba mayeso zala zitauma ndi chisanu, ndipo palibe phunziro ndi limodzi lomwe limene ndinabwereza. Zimandiwawa kuti kwathu zonsezi zikuoneka ngati ndinapita kukacheza.

Tsono nkhani ndi iyi, sindibwera. Gauni ndatenga kale ndi chipewa chake. Mayi Nyirenda, eni nyumba imene ndikuchita lendi, atamva anaomba m'manja n'kunena kuti, "Mwana wane, usadandaule. Nthungululu niimba ndine, anthu aziona ngati wabwera na mudzi wonse." Ndinawathokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene, ndipo khadi langa la alendo ndawapatsa iwowo. Ayamba kale kusita chitenje.

Abambo sindinawauze. Ndikawauza pano apsa mtima, mwina mpaka kuwononga chisangalalo chanu, komanso kunena zoona ndikuopa kuti akangokweza mawu ndivomeranso. Muwauze ndinu akafika Lachinayi. Inu amakumverani.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwakumbutse mankhwala awo a BP, chifukwa akatanganidwa ndi alendo amaiwala. Abambo muwajambule bwino atavala suti yawo ija, tsikuli akhala akulidikira kuyambira muli ku pulayimale, ndipo ndikufuna asangalale ndi mtima wonse. Inunso mukamakwera pansanja muyende mwaulemu, osati mwamatama muja mumayendera pa Ntchisi.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Azakhali akafunsa kuti Tiyanjane ali kuti, ndikudziwa abambo adzati wadwala, kapena wasowa thiransipoti. Inu musavomereze, achimwene. Mudzanene pamaso pa onse kuti ali ku graduweshoni yake.

Ndine mlongo wanu,
Tiyanjane