Kamtondo ka ku Labotale

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko? Ife kuno ku Perth tilipo, kungoti kuzizira kwafika ndipo bondo langa lija layambanso zake. Kumudzi, Chisomo wabereka mwana wamkazi ndipo amupatsa dzina lanu. Achimwene akuti chimanga chachita bwino chaka chino, koma mtedza wawakhumudwitsa.

Chandikhazika pansi lero ndi kamtondo kanu koyera kaja, komwe munatola ku labotale yoyezera dothi atakataya chifukwa chobenthuka m'mphepete. Munkasinjiramo mchere ndi tsabola wa kambuzi. Pogawana katundu wanu maliro atatha, anthu analimbirana zitenje ndi makina osokera. Kamtondoko kanatsala kokha pamkeka, ine n'kukaponya m'chikwama. Kuno kakhala kali m'galaja, tikusungiramo misomali.

Loweruka lapitali kalasi ya Tadala, mdzukulu wanu, inapita ku miziyamu, nyumba yoonetseramo zinthu zakale, ine n'kuwaperekeza monga kholo. M'chipinda china munali ziwiya za m'labotale zokhazokha, zadothi loyera: timbale, mafanulo, timitondo, zonse zili m'magalasi, nyali zikuziwalira. Wotilondolera anati anazipangira ntchito basi, popanda maluwa kapena chokongoletsera chilichonse, ndipo kukongola kwake n'komweko. Akuti opanga makapu ndi mbale zamakono anaonera pamenepo. Ndinatsala pang'ono kuseka, poona chosinjira tsabola chili ndi mlonda wakewake.

Kenako Tadala anakweza mawu m'Chingerezi chake cha m'mphuno chija, kuti kwathu kuli kotereka, kanali ka agogo ake. Aphunzitsi ake anatembenuka n'kundifunsa, makolo ena onse akumva, ngati munali wasayansi.

Ndinati, "Inde."

Amayi, manyazi andigwira. Inu munkatsuka mabotolo ndi kukolopa pansi mpaka zala zinang'aluka ndi mankhwala, ndipo ndi manja omwewo munandiphunzitsa sukulu. Ine amene ndimasambitsa okalamba ku Rockingham ndi kuwasintha matewera, ndinaona kuti chikolopo chanu sichingatchulidwe pagulu. Munkakonda kunena kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndinkayesa mwambiwo ndi wa ana a anthu ena.

Bodzalo silinathere pamenepo. Aphunzitsi apempha Tadala kuti Lachisanu likubwerali abweretse kamtondoko m'kalasi, afotokoze za agogo ake asayansi. Mwanayo wakhuthula misomali, wakatsuka mpaka kuyera mbee, ndipo tsiku lililonse akundifunsa kuti munatulukira chiyani. Akufunanso chithunzi chanu mutavala jasi loyera. Chomwe ndili nacho ndi chija muli mu ovolo yabuluu, ndowa ili pambali, mukuseka mpaka mano onse pamtunda. Nditawadandaulira bambo ake, anangoti, "Mwaphika nokha, amake Tadala, mudyanso nokha."

Ndikakhala chete, mwana wanga akaimirira pamaso pa anzake n'kunena bodza langa ndi mtima woyera, ndipo adzakula akunyadira munthu yemwe sanakhaleko, inu enieni osakudziwani. Ndikaulula, adziwa kuti mayi ake anachita manyazi ndi mayi awo. Zonsezi zikundiwawa, koma choyambacho chikuwawa kwambiri.

Dzulo Tadala ananunkhiza kamtondoko n'kundifunsa kuti ndi mankhwala anji amene fungo lake silichoka chonchi. Ndi kambuzi wanu uja, amayi. Sopo wa kuno wamulephera.

Ndiye ndikulonjeza. Akaweruka lero ndimukhazika pansi, ndimupatse chithunzi cha ndowa chija, ndimuuze zonse. Tsabola ndagula kale ku Mirrabooka, tisinja limodzi monga munkachitira. Lachisanu ndapempha kuti ndisapite kuntchito. Ndikaimirira pambali pake m'kalasimo, ndipo aphunzitsi aja akamva ntchito yanu yeniyeni kuchokera pakamwa pomwe panatuluka bodza.

Ndikhululukireni, amayi. Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Thokozani